Atsamunda Oyamba a ku Spain ndi Zimene Ankazifuna ku America

Pa 2 Januwale 1492, mzinda wa Granada, likulu lomaliza la Asilamu m'dziko la Spain, unagwa m'manja mwa Mfumu Ferdinand ndi Mfumukazi Isabella. Nkhondo zolimbirana maderawa zinali zitatenga zaka mazana ambiri, ndipo zinasiya mwambo wozika mizu: wolanda dziko la anthu a chipembedzo china ankapatsidwa minda, anthu omugwirira ntchito ndi dzina laulemu. Mu Okutobala chaka chomwecho Christopher Columbus anafika pa zilumba za Caribbean, ndipo mwambo uja unawoloka naye nyanja.

Amuna amene anatsatira, omwe m'chinenero chawo amatchedwa conquistadores, kutanthauza ogonjetsa, sanali asilikali a boma olandira malipiro pakutha pa mwezi. Mtsogoleri ankapangana ndi mfumu kapena bwanamkubwa, kenaka n'kumema anthu. Aliyense ankadzipezera yekha lupanga ndi kamba, wopezako bwino ankabwera ndi hatchi, ndipo ambiri ankachita kukongola. Zofunkha zikapezeka, limodzi mwa magawo asanu linali la mfumu, zotsalazo n'kugawana malinga ndi zimene munthu anasonkha. Wokwera chombo ndi ngongole pamutu salola kubwerera chimanjamanja, ndipo nkhanza zambiri za nthawiyo zinayambira pamenepa.

Pachilumba cha Hispaniola golide wa m'mitsinje sanachedwe kutha. Chuma chokhalitsa chinali anthu. Mwa dongosolo lotchedwa encomienda, mtsamunda ankapatsidwa midzi yathunthu yoti izimupatsa msonkho ndi kumugwirira thangata, iye n'kulonjeza kuiphunzitsa Chikhristu. Thangata ndi matenda zinapulula eni chilumbacho, a mtundu wa Taíno, m'zaka zochepa, moti mu 1511 wansembe Antonio de Montesinos anadzudzula atsamundawo paguwa mumzinda wa Santo Domingo. Mu 1513 boma linakonza chikalata chotchedwa Requerimiento, choti chiziwerengedwa nkhondo isanayambe, cholamula eni nthaka kugonjera Papa ndi mfumu. Ankachiwerenga m'chinenero chimene omverawo sankachimva.

Komabe chipembedzo sichinali chiphimbamaso chabe. Ku Cempoala, m'dziko la Mexico, mtsogoleri wina wa ogonjetsawa, Hernán Cortés, anagwetsa mafano a anthu omwe ankawadalira pa nkhondo, chinthu chimene munthu wongofuna golide sakanachita. Kwa amunawa, kupulumutsa mizimu ndi kudzilemeretsa sizinkatsutsana.

Cortés ananyamuka ku Cuba kupita ku Mexico mu 1519 ndi amuna pafupifupi 500 ndi mahatchi 16, atanyozera bwanamkubwa Diego Velázquez amene anafuna kumuletsa. Zikanamukanika akanaweruzidwa ngati woukira, n'chifukwa chake anawononga zombo zake pagombe la Veracruz ndi kutumiza chuma kwa Mfumu Charles ya ku Spain mwachindunji. Tenochtitlan, likulu la Aaziteki, linagwa pa 13 Ogasiti 1521. Kupambanaku sikunali kwa anthu 500 okha ayi. Ankhondo zikwizikwi a ku Tlaxcala, adani akalekale a Aaziteki, anamenya nawo; mayi Malintzin ankamasulira zokambirana; ndipo nthomba inali itasakaza mzindawo mu 1520. M'gulu la Cortés munalinso Juan Garrido, wobadwira ku Africa, amene pambuyo pake analembera mfumu kuti ndiye anayamba kufesa tirigu ku Mexico. Cortés anapeza chimene ankachilakalaka mu 1529, pamene anapatsidwa udindo wa Marqués del Valle de Oaxaca pamodzi ndi midzi yomupatsa msonkho.

Mbiri imeneyi inasokosera makutu a anzake. Francisco Pizarro, mwana wapathengo wosadziwa kulemba wa ku Trujillo, m'chigawo cha Extremadura komwenso Cortés ankachokera, anafika ku Peru ufumu wa Ainka utangotuluka m'nkhondo ya pachiweniweni pakati pa Atahualpa ndi m'bale wake Huáscar. Pa 16 Novembala 1532, amuna ake 168 anabisala m'nyumba zozungulira bwalo la Cajamarca. Atahualpa, yemwe anapambana nkhondo ija, analowa atanyamulidwa pamachira, wansembe anamupatsa buku la mapemphero, iye n'kuliponya pansi, ndipo mfuti zinalira. Atagwidwa, analonjeza dipo: chipinda chodzaza golide kamodzi, siliva kawiri. Mbale, mitsuko ndi zokongoletsera za m'makachisi zinabwera kuchokera kutali ngati ku Cusco, ndipo pafupifupi zonse anazisungunula kuti kugawana kusavute. Wokwera hatchi analandira gawo lowirikiza kawiri la woyenda pansi. Dipo linaperekedwa, koma Atahualpa anamuphabe mu Julaye 1533.

Mwayi wotere sunabwerenso. Francisco Vázquez de Coronado anayendayenda kumpoto kwa Mexico kuyambira 1540 mpaka 1542 kufunafuna mizinda ya golide, n'kubwerako wopanda kanthu. Hernando de Soto, yemwe analemera ndi dipo la ku Cajamarca, anamwaza chumacho pa ulendo wina ndipo anafera m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi mu 1542. Ku Peru atsamunda anayamba kudyana okhaokha: abale a Pizarro anapha mtsamunda mnzawo Diego de Almagro mu 1538, otsatira a Almagro n'kupha Francisco Pizarro kunyumba kwake ku Lima mu 1541.

Mfumu nayo sinkafuna kuti kutsidya kwa nyanja kumere mafumu ena. Madandaulo a wansembe Bartolomé de las Casas anathandiza kubweretsa Malamulo Atsopano a 1542, oletsa kugwira eni nthaka ukapolo ndi kusiyira ana encomienda ngati cholowa. Apa m'pamene cholinga chenicheni chinaonekera poyera. Atsamunda a ku Peru, motsogozedwa ndi Gonzalo Pizarro, m'bale wake wa Francisco, anaukira boma n'kupha woimira mfumu, Blasco Núñez Vela, mu 1546. Analolera kupandukira mfumu yawo kusiyana ndi kutaya midzi yowagwirira ntchito. Gonzalo anadulidwa mutu mu 1548, ngakhale boma linali litafewetsa kale lamulo la cholowa lija.

Kuchokera pamenepo ulamuliro unapita kwa oweruza, akalaliki ndi abwanamkubwa osankhidwa ku Spain, ndipo chuma chinkachokera m'migodi ya siliva monga wa Potosí, wopezeka mu 1545. Vilcabamba, linga lomaliza la Ainka, linagwa mu 1572, ndipo mfumu yawo Túpac Amaru anaphedwa pabwalo la Cusco. Chaka chotsatira Mfumu Philip II inalamula kuti maulendo otere asamatchedwenso kugonjetsa, koma kukhazikitsa bata.