Ana a pa Kauai ndi Zaka Makumi Anayi za Kuwalondola

M'chaka cha 1955, pa chilumba cha Kauai ku Hawaii panabadwa ana 698. Ambiri anali ana a antchito a m'minda ya nzimbe, zidzukulu za anthu ochokera ku Japan ndi ku Philippines pamodzi ndi eni nthaka. Madokotala, anamwino ndi akatswiri a zamaganizo anayamba kulemba mbiri ya anawa akadali m'mimba, ndipo anawayenderanso ali ndi chaka chimodzi, ziwiri, 10, 18, 32 ndi 40. Amene anadziwika nayo kwambiri ntchitoyi ndi Emmy Werner, wobadwira ku Germany mu 1929, amene anakula nkhondo ili mkati. Mnzake pa ntchitoyi anali Ruth Smith.

Funso loyamba linali la chipatala: kodi mavuto a pobadwa amasiya chipsera chotani pa mwana? Zinapezeka kuti, kupatula pamene vuto linali lalikulu, nyumba imene mwana wakuliramo inkalemera kuposa kabadwidwe kake.

Koma chimene chinatchukitsa kafukufukuyu ndi gulu la ana 201 amene moyo unawalandira ndi nkhondo: umphawi, mikangano yosatha ya makolo, uchidakwa kapena matenda a maganizo pakhomo. Mwa iwo, 129 anagwadi m'mavuto: kulephera sukulu, milandu, kusokonezeka maganizo kapena mimba asanakwanitse zaka 18. Otsala 72 anakula bwino, odzidalira ndi osamala anzawo. Werner anachita chimene ofufuza ambiri a nthawiyo sankachita: anasiya kuwerenga ogwa okha, n'kufunsa chimene chinaimika oimawo.

Mbali ina inali chibadwa. Ali makanda, anawa anali ansangala, osavuta kudya ndi kugona, ana amene aliyense amafuna kuwanyamula. Komatu chibadwa chokha sichikanawapulumutsa. Aliyense wa iwo anali ndi munthu wamkulu mmodzi amene anamugwira dzanja osamutaya, ndipo kawirikawiri sanali mayi kapena bambo, koma agogo, azakhali, mkulu wake, nthawi zina mphunzitsi. Mu 1982, Werner ndi Smith analemba zimenezi m'buku lotchedwa Vulnerable but Invincible.

Akanalekera pomwepo, ofufuzawo akanawalakwira ana 129 aja. Atawabwerera pa zaka 32 ndi 40, anapeza kuti ambiri mwa amene anali osokonekera paunyamata anali atakhazikika, ali pa ntchito ndi pabanja. Chinawatembenuza sichinali chithandizo cha akatswiri kwenikweni. Wina anabwerera kusukulu atakula kale, wina analowa usilikali, wina anapeza mwamuna kapena mkazi wodekha, wina analowa mpingo, wina anasintha atapulumuka matenda aakulu. Akazi anachira ochuluka kuposa amuna. Munthu amene akanaweruzidwa pa zaka 18 kuti watha, pa zaka 40 anali kholo lodalirika.

Ngakhale oima aja sanadutse chabe. Ena, makamaka amuna, ankadandaula za msana, chizungulire ndi zilonda za m'mimba, matenda oyenda ndi nkhawa. Ena anapeza mtendere mwa kutalikirana ndi makolo ndi abale amene mavuto awo akanawamiza. Buku la zaka 40 linatuluka mu 2001, ndipo Werner anamwalira mu 2017.