Luwawa Mvula Ikamapita Kumapeto

Nyumba ya alendo ya Luwawa ili kum'mwera kwa mapiri a Viphya m'boma la Mzimba, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere. Wopita kumeneko amasiya tala wa M1 pakati pa Jenda ndi Chikangawa, n'kukhotera kum'mawa pamsewu wadothi wa makilomita pafupifupi 10 mpaka kukafika m'mbali mwa damu la Luwawa. Lero kumafika anthu okwera mapiri, opalasa njinga ndi oonera mbalame, koma nyumbayi sinamangidwire iwowo. Inayamba ngati malo ogona a ogwira ntchito za nkhalango, ndipo mbiri yake ndi ya nkhalango yomweyo.

Kale mapiri a Viphya anali a udzu, mitengo yachilengedwe ili yothithikana m'makwawa ndi m'mbali mwa mitsinje mokha. Midzi yambiri ya Atumbuka ndi Angoni a Inkosi ya Makhosi M'mbelwa inali kumunsi, kuchigwa cha Mzimba ndi mtsinje wa South Rukuru, kumene chimanga chimakula msanga ndipo ng'ombe sizivutika ndi chisanu. Boma la atsamunda, lomwe linayamba kulamulira dera la Angoni mu 1904, linachedwa kuona phindu la mapiriwa. Pofika zaka za m'ma 1950 akatswiri ake anali akuyesa mitengo ya paini yochokera kunja, ndipo mtundu wa ku Mexico wotchedwa Pinus patula unagwirizana ndi kuzizira ndi nkhungu za kuno.

Kubzala kwakukulu kunayamba cha mu 1964, chaka chimene Malawi analandira ufulu. Cholinga chinali kudyetsa fakitale ya mapepala yomwe inkati imangidwe ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Mitengo inabzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo nkhalangoyo, imene anthu amangoitcha Chikangawa, inakhala imodzi mwa nkhalango zobzala zazikulu kwambiri mu Africa. Anaigawa m'masiteshoni monga Luwawa, Mazamba, Nthungwa ndi Lusangazi. Paliponse panali nazale, nyumba za antchito, misewu ndi nsanja zoonera moto. Fakitale ija sinamangidwe. Ndalama zake zinali zambiri zedi, ndipo panalinso mantha akuti zonyansa zake zikanaipitsa nyanja. Mitengo inakula popanda woigula. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma linayesa kuotcha makala a paini, ndipo mu 1999 kampani ya Raiply inapatsidwa mahekitala pafupifupi 20,000 kuti izicheka matabwa ndi kubzalanso. M'zaka zomwezo, pamene boma linkapereka katundu wake wambiri m'manja mwa anthu wamba, nyumba ya ku Luwawa inasanduka malo a alendo odzaona dziko.

Pa moyo wa panyumbayi, nyengo ndiyo imalamula. Mvula ku Mzimba imayamba kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, n'kuleka mu Epulo, koma pamwamba pa Viphya imachuluka ndiponso imachedwa kutha kusiyana ndi kuchigwa. Mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imatenga chinyezi panyanja ya Malawi, ndipo pokwera mtunda wa mamita oposa 1,000 imazizira n'kusiya madzi ake pamapiri. Ikamatsikira ku Mzimba imakhala itauma kale. N'chifukwa chake munthu amatha kunyamuka paboma dzuwa likuswa mtengo, n'kukapeza ku Luwawa anthu atafunda zikhoti.

Kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka kumayambiriro kwa Epulo, tsiku limayamba ndi nkhungu itaphimba damu ndi mitu ya mitengo. Ntchito yoyamba ndi ya moto: nkhuni zimene zagona panja sizigwira, choncho antchito amazisunga pansi pa denga masiku angapo zisanafunike. Operekeza alendo amalimbikitsa kunyamuka m'mamawa, chifukwa mitambo imasonkhana dzuwa likafika paliwombo ndipo mabingu amayamba chakumasana. Wopezeka pamsana pa phiri nthawi imeneyo ali pangozi ya mphezi. Udzu umakhala utafika m'mapewa ndipo umanyowetsa munthu ngakhale kusanagwe mvula. Timitsinje tomwe mu Okutobala munthu amangolumpha timakhala todzaza, ndiye ulendo wa masiku angapo wotsikira kunyanja umayendedwa bwino mvula ikatha. Madzulo nsapato ndi zovala zimaunjikidwa pafupi ndi moto.

Msewu wadothi uja ndiwo umavutitsa kwambiri. Malole a matabwa amaukumba, matope ake ofiira amaterera, ndipo galimoto yopita kukagula katundu ku Mzimba kapena ku Mzuzu imadikira kuti nthaka iumeko. Alendo amachepa. Nthawiyi imakhala yokonza madenga, kulambula njira za m'tchire ndi kubzala, popeza nyengo yobzala mitengo ya dziko lonse imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo mbande yobzalidwa mochedwa sipirira chilimwe.

Kumidzi yoyandikira, Febuluwale ndi mwezi wa njala: nkhokwe zapepuka, za m'munda sizinache. Apa nkhalango imathandiza m'njira imene okonza mapulani a fakitale sanaiganizire. Amayi ndi ana amalawirira kukazula bowa, wina wa ndiwo za pakhomo, wina wokagulitsa m'mbale m'mbali mwa M1. Pofika Malichi kumabwera mondokwa, maungu ndi nyemba zaziwisi, ndipo msika wa Jenda umadzaza ndi tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere. M'malo a udzu amene sanabzalidwe paini mumaphuka maluwa a m'tchire amitundumitundu, ndipo anamzeze ochokera ku Ulaya amasonkhana kukonzekera ulendo wobwerera kumpoto. Alendo ochepa amene amalimba mtima kubwera nthawiyi ndiwo amaona Viphya ali pachimake.

Koma nkhalangoyo siilinso monga kale. Zaka za m'ma 2000 zitayamba, ocheka matabwa anachuluka, ena ndi sowo wamanja, ena ndi makina onyamulika, ndipo matabwa ambiri ankapita kunja kwa dziko. Kudula kunaposa kubzala, ndipo moto wa mu Seputembala mpaka Novembala, umene nthawi zambiri unkayatsidwa dala, unkapsereza mbande zomwe zinabzalidwa. Magomo ambiri anatsala zitsa zokhazokha. Kutayika kumeneku n'komvetsa chisoni, pakuti ntchito imene anthu anaigwira ndi makasu kwa zaka makumi inatha m'zaka zowerengeka. Zotsatira zake zimaoneka bwino mvula ikagwa: pamene pali mitengo madzi amalowa pansi pang'onopang'ono, pamene padulidwa amathamanga ndi dothi kulowa m'mitsinje.

Chakumapeto kwa Epulo mabingu amachepa, m'malo mwake mumabwera mvula yowaza ya masiku awiri kapena atatu yodza ndi mphepo ya mwera. Mu Meyi thambo limayera, msewu umauma, ndipo antchito a nkhalango amayamba kulambula mizere yotchinga moto udzu usanaumiretu. Alendo amachulukanso mu Juni ndi Julayi, pamene usiku kumazizira mpaka chisanu kugwa m'madambo.