Kachasu wa masawu: kuchokera ku Zambezi mpaka ku Matope

Mukafika ku Matope m'miyezi ya chisanu, masawu amakhala ali mbwee pansi pa mitengo, ena atayanikidwa pamphasa. Ana amatola odya. Amayi amaonamo china: fizi, sopo ndi thumba la chimanga, zomwe zidzachokere mu mbiya ikawira.

Dzina loti kachasu ndi lobwera. Linachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti cachaça, mowa waukali wa nzimbe, ndipo luso lotcheza linakwera kuno kuchokera kuchigwa cha Zambezi, cha ku Tete. Makolo athu ankadziwa kale kufulula masese ndi thobwa, koma kusandutsa nthunzi kukhala mowa anaonera kwa alendo. Matope ndiye sanali kutchire. Apa ndi pomwe katundu wochoka ku Blantyre ankakwezedwa mu sitima zopita kunyanja atalambalala mathithi a Shire, ndipo mu 1885 sitima ya amishoni a UMCA, Charles Janson, inalumikizidwira pomwepa. Podutsa anthu ambiri chotere, nzeru zachilendo sizichedwa kukhazikika.

Kapangidwe ka kachasu sikanasinthe kwenikweni. Masawu ouma amaviikidwa m'madzi kwa masiku angapo mpaka atachita thovu ndi kununkha chowawasa. Kenako amathiridwa mumtsuko kapena mumgolo, pakamwa n'kumatapo ndi dothi kuti mpweya usathawe. Zikawira pamoto, nthunzi imalowa mu paipi yodutsa m'chomwera cha madzi ozizira, ndipo kumapeto kwake mowa umadontha pang'onopang'ono m'botolo. Woyamba kutsikawo ndiye mutu. Wotcheza wodziwa amadonthezako pachikuni cha moto, ukalilima amadziwa kuti zayenda. Moto ukachuluka, mowa umapserera. Ntchitoyi siyofuna munthu waphuma.

Boma la atsamunda linkaletsa kachasu, choncho amayi ankatchezera kumadambo usiku. Chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi shuga. Fakitale ya ku Nchalo itayamba m'ma 1960, shuga anafika m'magolosale akumidzi, ndipo wosakaniza ndi gaga anayamba kutcheza chaka chonse osadikiranso nyengo ya masawu. Mowa unachuluka, mtengo unatsika, achinyamata n'kuyamba kuupapira dzuwa lili paliwombo.

Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mgolo wa kuseri kwa nyumba palibe amaupima. Apa ndiye pandiwawa. Mayi wotcheza masawu ake sindimuona ngati chigawenga, chifukwa ana ambiri aphunzira ndi ndalama ya mbiya. Woopsa ndi uja wothiramo zinthu zosadziwika kuti mowa ukalipe msanga. Maliro a omwe anamwa mowa wotchedwa "ambuye n'tengeni" ku Blantyre mu 2024 sitinawaiwale.

Mafumu ndi akhonsolo a m'boma la Neno, komwe kuli Matope, akhale pansi ndi amayi otchezawa, awadziwe mayina, ndipo mowa wawo uzipimidwa usanafike pakamwa pa munthu.