Nyumba yaitali ya ku Joni ndi ife amene tinali pansi pa nthaka

Inu adzukulu anga amene mukulongedza zikwama kuti mupite ku Joni, musamayese kuti njira imeneyo mwailambula ndinu. Kuchokera ku Lizulu mpaka ku Bawi, ku Tsangano mpaka kutsikira ku Kasinje, ndi midzi yowerengeka imene sinaperekezeko mnyamata wopita kumigodi. Ndipo tisanapite ife, makolo athu Angoni a Maseko anachokera komweko kumwera, nawoloka Zambezi ndi ng'ombe zawo. Ife tinangobwerera m'mapazi mwawo, koma iwo anabwera ndi zishango, ife tinapita ndi chala chodinda pa pepala la Wenela, bungwe lolemba anthu opita kumigodi.

Ine ndinapita mu 1972. Ankativula malaya, kutiyeza pasikelo, kutimvera m'chifuwa, ndipo ukapambana pamenepo ankakukweza ndege ku Chileka mpaka ku Francistown, m'dziko la Botswana. Kuchokera kumeneko unali ulendo wa sitima. Nthawi imeneyo Amalawi amene tinali m'migodi ya ku South Africa tinaposa 100,000. Tinkagona m'komponi, amuna okhaokha, pa mabedi a simenti osanjikizana. Pantchito tinkalankhula Fanakalo kuti Msutu, Mshangani ndi Mnyasa amvane. Mbandakucha chikepe chinkatimeza n'kutitsitsa pansi, makutu kutseka, mimba kukwera kukhosi, mpaka kumalo kumene mwala umatentha ukaugwira. Migodi ina kumadzulo kwa Joni inali itafika makilomita 3 kulowa pansi. Musaiwale nambala imeneyi.

Lamlungu kunali kupuma. Ambiri ankapita kubwalo la magule, ndipo ife a ku Ntcheu tikaponda ngoma, Azulu ankaima n'kumatiyang'ana, chifukwa m'nyimbo zathu ankamvamo mawu a kwawo. Koma Lamlungu lina mu 1973 mnzanga wa ku Dedza anandiuza kuti, “Achimwene, tiyeni m'tauni mukaone chimene azungu amanga.” Tinatenga chiphaso, tinakwera sitima ya anthu akuda, tinatsika n'kuyenda wapansi mpaka mu Commissioner Street.

Kumbukirani kuti ine nyumba yaikulu imene ndinakula ndikuidziwa inali tchalitchi cha ku Mlanda. Tsono ndinangoona khoma la konkire lotuwa, mawindo ake ali ndandanda, likukwera osalekeza. Ndinayamba kuwerenga mizere ya mawindo ndi chala, koma ndisanafike pakati maso anachita chizungulire, poti mitambo inkayenda ndipo zinkaoneka ngati nyumbayo ndiyo ikugwera pa ife. Ndinagwira mkono wa mnzanga uja. Imeneyo ndiyo Carlton Centre: nsanjika 50, mamita 223. Mu Africa monse munalibe nyumba ina yoiposa.

Sitinalowe. Munthu wakuda wa kukomponi, wokhala ndi chiphaso cha tsiku limodzi m'thumba, sankayesa dala kudutsa pakhomo lonyezimira chotero, chifukwa wapolisi akangokufunsa “pasi”, tsiku lako lathera pomwepo. Tinagula buledi ndi botolo la chakumwa, tinadyera chiimire tsidya lina la msewu, maso ali kumwamba.

Mbiri ya nyumbayo ndinaimva pang'onopang'ono, ina kwa akalaliki a kumgodi, ina patapita zaka. Joni yense ndi mwana wa golide. Mu 1886 pamene miyala ya golide inapezeka pa famu ya Langlaagte, pamalopo panali thengo la udzu chabe. Pofika mu 1906 olemera a mzindawo anali atadzimangira kale hotela ya dzina lomweli la Carlton, imene inadzagwetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Pamenepo kampani ya migodi ya Anglo American, imene mkulu wake anali Harry Oppenheimer, inagwirizana ndi kampani yofulula mowa ya South African Breweries kuti amange chinthu choti dziko lonse lichione. Mapulani anajambula ndi akatswiri a ku America a Skidmore, Owings & Merrill. Kukumba kunayamba mu 1967, ndipo dzenje lokha linatenga zaka ziwiri, poti mbali yaikulu ya malowo, masitolo ndi moimika magalimoto, ili pansi pa msewu. Hotela yatsopano ya nsanjika 30 inatsegulidwa mu 1972, nsanja ija n'kutha mu 1973. Zonse pamodzi zinadya ndalama zoposa 88 miliyoni rand. Pamwamba pa garaja anaikapo ngakhale bwalo la madzi oundana loti ana a azungu azitereramo.

Tsono taganizani bwino. Ndalama za golide ndi ndalama za mowa. Golideyo ankamukumba ndani? Ife amene tinkadyera buledi kunja tinali ndi gawo lathu m'khoma limenelo, ngakhale panalibe wotiuza. Ine ndimanena zimenezi mopanda chidani, koma sindilola kuti mdzukulu wanga aziyang'ana nyumba ngati imeneyo n'kumadziona wochepa.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown. Inali yodzaza ndi anzathu amene anali atamaliza kontirakiti, akubwerera kumudzi ndi masutikesi awo. Amalawi oposa 70 anathera pomwepo. M'komponi usiku umenewo munalibe woimba. Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi, nalamula kuti tibwerere, ndipo m'miyezi yotsatira tinabwera mwaunyinji. Ine ndinabwera ndi njinga, wailesi ndi bulangete, ndipo ndalama zimene ankatisungira kuti tidzalandirire kuno ndi zimene zinagula malata a nyumba imene mayi anu anabadwiramo. Ena sanabwere. Amenewo ndi matchona, ndipo akazi awo anakalamba akusesa pabwalo la munthu amene sanalembenso kalata. Kulemba anthu kunayambiranso mu 1977 n'kudzatheratu mu 1988, koma ine ndinali nditagwira kale khasu, ndikulima kachewere kumtunda kuno.

Pamene ine ndinali kumunda, nyumba ija inkaona zake. Mu hotela yomwe ija, mu September 1991, De Klerk, Mandela ndi Buthelezi anasaina pangano lothetsa kuphana. Mu hotela yomweyonso, pa 2 May 1994, Mandela anaimirira kulengeza kuti chipani chake chapambana chisankho. Ine ndinamva pa wailesi, mwezi womwewo umene nafenso kuno tinaponya voti ya zipani zambiri, pa 17 May. Nditamva dzina loti Carlton ndinawauza agogo anu aakazi kuti, “Pamenepo ine ndinaimapo, koma kunja.”

Chodabwitsa n'chakuti pamene khomo linatsegukira aliyense, eni ndalama anali akusamuka. Makampani akuluakulu anathawira kumpoto, ku Sandton. Hotela ija inasowa alendo, ndipo zaka za m'ma 1990 zisanathe inatsekedwa, zipinda mazanamazana n'kungokhala mumdima. Mu 1999 kampani ya boma ya Transnet inagula malo onsewo pa 33 miliyoni rand, ndalama zosafika ngakhale theka la zimene anamangira.

Ine ndinadzakwera nyumbayo imvi zili mbuu. Malume anu, amene ankagwira ntchito ya ulonda kumeneko, ananditumizira ya basi. Tinadzera ku Mwanza, kuwoloka mlatho wa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kukagona pamzere ku Beitbridge, mpaka kufika pa Park Station miyendo itatupa. Atandifunsa kuti, “Bambo, mukufuna kuona chiyani?” sindinachedwe kuyankha.

Pansi pake tinapeza masitolo ali piringupiringu, ndipo ogula ndi ogulitsa pafupifupi onse anali akuda. Mtsikana wina anatidulira tikiti yopitira pamalo oonera amene ankawatcha Top of Africa, pa nsanjika ya 50. Chikepe chitanyamuka makutu anga anatseka chimodzimodzi ndi kale lija, ndipo thupi linakumbuka lokha: ndinapinda mawondo pang'ono monga tinkachitira potsika kumgodi. Malume anu anaseka, koma ine m'maso munali mutalengeza misozi.

Pamwambapo panali magalasi mbali zonse zinayi. Kumpoto ndinaona nsanja ya Hillbrow ndi nyumba yozungulira ya Ponte, komanso njanji zambirimbiri zikulowa mu Park Station ndi mlatho wa Nelson Mandela pamwamba pake. Malume anu ankandilozera mabwalo a mpira, koma ine ndinapita kugalasi la kumwera n'kukakamira pomwepo. Kumeneko, kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo, kunali mapiri achikasu aphwatalala pamwamba, mchenga umene unatuluka m'migodi. Anali ndandanda ngati zulu m'dambo, ndipo chiswe chake tinali ife. Ena mwa mapiriwo anali akuwagumula ndi makina kuti asefenso golide wotsalira. Ndinaika chipumi pagalasi n'kuyamba kutchula mayina a anzanga, amene mwala unawagwera, amene anapita ndi ndege ija, amene anabwera kumudzi akutsokomola mpaka kuwaika. Ndipo ndinawerengera: mamita 223 amene dziko lonse linkawatama, mukawasanjikiza kakhumi, simunafikebe pansi pa migodi yakuya ija. Kukwera kumeneko anthu ankalipira kuti akaone. Kutsika kuja kunalibe wobwera kudzaonerera.

Nyumbayo inakhala yoposa zonse mu Africa kwa zaka 46, mpaka mu 2019 pamene ina yotchedwa The Leonardo ku Sandton inaipitirira. Chaka chomwecho khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa 5 biliyoni rand wolipira anthu amene anadwala chifuwa cha fumbi la mwala ndi TB m'migodi ya golide, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo linapatsidwa ntchito yopereka ndalamazo. Amene anagwira ntchito m'migodi ya makampani amene analowa mu mgwirizanowu kuyambira mu 1965 mpaka mu 2019 ali m'gulu limeneli, ngakhale achokere kunja kwa South Africa, ndipo ngati mwini wake anamwalira, mkazi ndi ana ali ndi ufulu wofunsa.

Tsono adzukulu anga, musanakwere basi yanuyo, pitani kaye kwa agogo a m'mudzi mwanu amene anapita ku Wenela. Afunseni dzina la mgodi, chaka chimene anapita ndi nambala yawo ya ntchito, mulembe m'kope. Tsegulani mabokosi achitsulo aja ali pansi pa bedi, ndipo kapepala kalikonse ka kumgodi mukakapeza, kakulungeni m'pulasitiki, musakayatsire moto.