MADZI SAIWALA KHWAWA

Ife ophunzira Mbiri timakonda kukamba za nkhondo ndi za mafumu, koma nkhani imene ndabwera nayo m'tsamba lino ndi ya mulu wa dothi umene unapha anthu 39 usiku umodzi pa koleji ina ku Amereka. Ndaisankha chifukwa anthu amene anafawo anali ngati ife tomwe: ophunzira, antchito a pa koleji ndi mabanja awo.

Kumpoto chakum'mawa kwa chigawo cha Georgia kuli kamzinda kotchedwa Toccoa. Kufupi ndi kamzindako kuli kamtsinje kamene madzi ake amagwa pa mathithi otalika mapazi 186. M'chaka cha 1899 anthu anatseka kamtsinjeko kumtunda kwa mathithiwo ndi mitengo ndi miyala, kuti madzi aziyendetsa makina opangira magetsi. Mu 1911 sukulu ya Baibulo inadzakhazikika m'chigwa cha kunsi kwa mathithi, ndipo m'kupita kwa nthawi inakula nkukhala Toccoa Falls College. Cha m'ma 1937 eni sukuluyo anayamba kukwirira khoma lakale lija ndi dothi, ndipo itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anaunjikanso dothi lina pamwamba pake. Potsiriza damulo, limene analitcha Kelly Barnes, linafika msinkhu wa mapazi ngati 40, ndipo m'litali linali mapazi ngati 400.

Kwa ine, chaka chofunika kuchisunga m'nkhaniyi ndi 1957, pamene makina a magetsi aja analeka kugwira ntchito, dziwelo nkungotsala malo okasangalalako. Damu likakhala pa ntchito, pamakhala munthu woliyendera kawirikawiri, wotsegula ndi kutseka mipope, amene angaone msanga ngati pena pakudontha. Ntchito ikatha, diso nalonso limachokapo. Pa khoma la Kelly Barnes panamera tchire ndi mitengo, ndipo mipope yakale yachitsulo inatsala momwemo m'kati mwa dothi. Zonsezi n'zoopsa pa damu la dothi. Mtengo ukauma, mizu yake imawola nkusiya tinjira. Madzinso amakonda kutsata m'mbali mwa mpope, akumanyamula dothi pang'onopang'ono, mpaka kabowo konga ka mbewa kamasanduka mphanga. Chithunzi china chojambulidwa mu 1973 chikuonetsa kuti mbali ina ya khomalo inali itayamba kale kugumuka.

Kumayambiriro a Novembala 1977 kunagwa mvula ya masiku anayi, yokwana mainchesi ngati 7. Tsono pa 6 Novembala, Lamulungu, cha m'ma 1:30 usiku anthu ali m'tulo, khoma lija linaphulika. Madzi anagwera pa mathithi natsika m'chigwa atanyamula miyala ndi mitengo, nakokolola nyumba ndi makalavani m'mene munkagona ophunzira apabanja. Pakati pa akufawo panali ana ambiri. Akatswiri amene boma linawatuma kukafufuza sanaloze chifukwa chimodzi. Anatchula kugumuka kwa mbali ya khoma ndiponso madzi oboola m'kati mwake, makamaka m'mbali mwa mipope ija. Damulo sanalimangenso.

Chomvetsa chisoni n'chakuti lamulo loti madamu aziyenderedwa linalipo kale. Analikhazikitsa mu 1972, chaka chimene damu la kampani ya malasha ku Buffalo Creek, m'chigawo cha West Virginia, linapha anthu 125. Koma ntchito yeniyeni yoyendera madamuwo inali isanayambe. Zinatengera maliro a ku Toccoa, m'chigawo cha Georgia chimene Pulezidenti Jimmy Carter ankachokera, kuti boma lidzidzimuke. Carter analamula mainjiniya a asilikali kuti ayendere madamu amene sanali m'manja mwa boma lalikulu. Pofika 1981 anali atayendera madamu pafupifupi 8,800, ndipo limodzi mwa atatu alionse linapezeka losatetezeka. Chigawo cha Georgia nacho chinapanga lamulo lake la madamu mu 1978.

Anzanga ena adzati nkhani zotere zimayamba ndi umbombo wa olemera, ndipo adzakumbutsa za Johnstown ku Pennsylvania. Kumeneko damu la dothi la South Fork linali la kalabu ya anthu achuma, amene analichepetsa msinkhu kuti ngolo zawo zizidutsa bwino pamwamba, natchinga potayira madzi ndi zitsulo kuti nsomba zawo zisathawe. Pa 31 Meyi 1889 linaphulika, nkupha anthu 2,209. Zoonadi, pamenepo mwini anali kumtunda, wofa anali kunsi. Koma ku Toccoa eni damu ankagona m'chigwa momwemo pamodzi ndi ana awo. Panalibe wofunira mnzake choipa. Anthu anangolizolowera damulo monga timazolowerera phiri. Apa ndi pamene ine ndikuona phunziro: mtima wabwino wa mwini sukwanira, pamafunika diso la munthu wakunja, wodziwa ntchito, wokhala ndi mphamvu yonena kuti dziwe liphwetsedwe.

Tisaganize kuti izi n'za kutsidya kwa nyanja kokha. Pa 9 Meyi 2018 damu la dothi la pa famu ina ku Solai, m'dera la Nakuru ku Kenya, linaphulika usiku nkupha anthu oposa 40 a m'midzi ya kunsi kwake. Kuno kwathunso maesiteti a tiyi ndi a fodya ali ndi madamu adothi ang'onoang'ono othirira mbewu, ena omangidwa kalekale, ndipo kunsi kwake kuli minda ndi nyumba za anthu. Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzagwira ntchito m'maboma momwemo. Tikadzafika pa damu lotere, tidzafunse kuti analiyendera komaliza ndani, ndipo liti. Tidzaone ngati pa khoma pamera mitengo kapena chulu, ngati potayira madzi patsekeka, ndiponso ngati kunsi kwake kukutuluka madzi amatope, pakuti matope amenewo ndi khoma lomwelo likutha. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo m'khwawamo ndi mmene anthu amakhala.