Mpeni Wokongoletsa Mimba: Kuchokera ku Mphini za ku Chilwa Kufika ku Opareshoni ya Makono

M'mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi, kuphatikizapo Johannesburg ndi Cape Town, muli zipatala zimene munthu wosadwala amapitako ndi ndalama zake kuti dokotala amudule pamimba, achotse khungu lolendewera pamodzi ndi mafuta, mimbayo iphwe. Madokotala amaitcha opareshoniyi abdominoplasty. Nkhalamba ya ku Kachulu kapena ya pa chilumba cha Chisi itamva zimenezi ikhoza kugwira pakamwa. Komatu mpeni wokongoletsa mimba si mlendo kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Makolo adali nawo wawo, ndipo adzukulu ayenera kudziwa pamene mipeni iwiriyi ikufanana ndi pamene ikusiyana.

David Livingstone ndi John Kirk adafika pa nyanja ya Chilwa mu April 1859. M'buku limene lidatuluka mu 1865, Livingstone adafotokoza za pelele, chokongoletsera chimene akazi a Chimang'anja ankavala paboowo la mlomo wam'mwamba, komanso za zizindikiro zotema pakhungu. M'zaka zomwezo Ayao ankalowa m'derali kuchokera kumpoto chakummawa, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Alomwe adayamba kuwoloka mwaunyinji kuchokera ku Mozambique. Mitundu yonse itatuyi inkatema mphini, uliwonse ndi kalembedwe kake, kotero kuti munthu ankadziwika kwawo asadatsegule n'komwe pakamwa.

Mphini za pankhope zidali za aliyense wopenya, koma za pamimba, m'chiuno ndi m'ntchafu zidali za m'nyumba. Mtsikana akatha msinkhu, mayi wodziwa ntchitoyi ankatsina khungu, kulitema pang'onopang'ono ndi lumo, ndi kutikitamo makala osinja. Mabala akapola pankatsala timizere totukuka, tondondozana bwino, ndipo khungu ankalidzoza mafuta a nsatsi kuti lisalale. Pamwamba pake pankabwera mikanda, imene amalonda ankabwera nayo kuchokera kugombe la nyanja ya mchere. Ululu udalipo, magazi ankatuluka, koma mtsikana wopirira ankayesedwa wokonzeka kupirira zazikulu za uchembere.

Mimba inkalemekezedwa chotere chifukwa anthu a m'derali amawerenga mtundu kuchikazi. Abale enieni amatchedwa a mimba imodzi, ndipo mbumba ndiyo imaimika mudzi. Mkazi akakhala ndi pakati poyamba, anamkungwi ankamulangiza pa mwambo umene Ayao amautcha litiwo ndipo Achewa amati chisamba. Akachira, ankabindikira m'chikuta mpaka mchombo wa khanda utagwa. M'masiku amenewo amayi aakulu ankamuthowa ndi madzi otentha ndi kumumanga nsalu pamimba mothinitsa kuti ibwerere m'malo mwake. Apa zikuoneka kuti makolo nawonso sankafuna mimba yolendewera. Koma nsalu ikalephera, ntchembere sinkanyozedwa. Makwinya ndi mizere yotsala pamimba zidali umboni woti mayiyo adakulitsa mudzi, paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Thupi lodzadza nalonso lidali ulemu. Anthu amene adaona njala ya 1949, amene adaonanso nyanja ya Chilwa ikuphwa mu 1968 ndi mu 1995, matemba n'kusowa, sakadasirira kuwonda. Mkazi wonenepa ankasonyeza kuti nkhokwe ya pakhomo ili ndi kanthu ndipo mwamuna wake akumusamala. Matenda a Edzi atapezeka m'Malawi mu 1985, kuwonda kudasanduka chinthu choopsa koposa, mpaka matendawo adapatsidwa dzina loti kaliwondewonde. Edzi yomweyo idafulumizitsa kutha kwa mphini zokongoletsa, zimene mipingo ndi sukulu zidali zitazifooketsa kale, pakuti lumo limodzi lotemera anthu ambiri lidasanduka njira ya imfa.

Mpeni winawo udabadwira kutali. Nthawi imene Livingstone ankaima m'mbali mwa Chilwa, madokotala a ku Ulaya ankaopa kutsegula mimba ya munthu chifukwa odwala ambiri ankafa ndi mabala oola. Mankhwala ogonetsa munthu pa opareshoni adaonetsedwa poyera ku Boston mu 1846, ndipo mu 1867 Joseph Lister wa ku Glasgow adafalitsa njira yophera tizilombo pabala. Zinthu ziwirizi ndizo zidatsegula khomo. Mu 1899 Howard Kelly, dokotala wa matenda a amayi pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, adachotsa chinthuli chachikulu cha khungu ndi mafuta pamimba ya mayi wina, ndipo mchombo udapita nacho limodzi. Madokotala otsatira adaphunzira kusunga mchombo, ndipo mu 1967 Ivo Pitanguy wa ku Brazil adafalitsa njira yodula m'munsi mwenimweni kuti chipsera chibisike m'zovala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Yves-Gérard Illouz wa ku France adakonza njira yopopa mafuta ndi kachitsulo kamphako kolowetsa pansi pa khungu.

Opareshoni yophwetsa mimba si mphini ayi. Munthu amagonetsedwa, dokotala n'kudula kuchokera ku fupa limodzi la m'chiuno kufika ku linzake. Khungu amalinyamula mpaka kufupi ndi nthiti, minofu iwiri ya pamimba imene idatalikirana chifukwa cha pakati amaisokerera pamodzi, khungu lotsala amalidula, ndipo mchombo amautulutsira paboowo latsopano. Akachoka m'chipatala, munthuyo amavala lamba wothina pamimba kwa milungu ingapo, wosasiyana kwenikweni ndi nsalu ya m'chikuta ija. Chipsera chimazimirira pang'ono ndi zaka, koma sichitha. Madokotala amalangizanso kuti mayi amene akufunabe kubereka adikire, popeza pakati pena pamatanulanso zonse zimene zidasokedwa.

Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bala likhoza kuola, madzi akhoza kudzadzana pansi pa khungu, ndipo magazi oundana m'mitsempha ya m'miyendo akhoza kuthamangira ku mapapo ndi kupha munthu mwadzidzidzi. Afrika idaliona tsoka la mtunduwu pa 23 October 2005, pamene mayi Stella Obasanjo, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la Nigeria pa nthawiyo, adamwalira ku Spain atachitidwa opareshoni yopopa mafuta pa chipatala china cha ku Marbella. Kachitsulo kaja kadaboola matumbo. Adali ndi zaka 59. Mu 2009 khoti la ku Málaga lidapeza dokotalayo wolakwa chifukwa cha kusasamala. Ndalama zidalipo, ulemu udalipo, koma moyo sudabwerere.

Sikuti opareshoniyi ilibe oyenera kuilandira. Alipo amene khungu lolendewera limawayambitsa zilonda ndi kuwalemetsa poyenda, ndipo dokotala wodziwa ntchito amawathandizadi. Kwa amayi ambiri a kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanje, komabe, chipsera cha pamimba cha masiku ano ndi cha opareshoni yotulutsa mwana pa chipatala chachikulu cha Zomba, mpeni umene udapulumutsa miyoyo iwiri nthawi imodzi.

Kusiyana kwa mipeni iwiri yokongoletsa ija n'kumeneku: lumo la makolo linkalemba pamimba kuti mtundu ndi msinkhu wa munthu zidziwike, pamene mpeni wa dokotala umafafaniza zimene zaka ndi uchembere zidalemba. Woyamba unkathera pakhungu, wachiwiri umayandikira moyo weniweniwo. Mdzukulu amene ali ku Joni kapena ku Ulaya, amene zithunzi za pa intaneti zamuchititsa manyazi ndi thupi lake, afunse kaye za maphunziro ndi chilolezo cha dokotalayo, za chipatalacho, ndi za amene adzamudwazike akatuluka. Safunsa adadya phula. Ndipo asadagone pa tebulo la opareshoni, akumbukire kuti kwawo ku Chilwa mimba yamakwinya inkapatsidwa mphasa yapatsogolo.