Kodi wezulo ilire maliro ali m'nyumba?

Kwathu kuno m'mudzi mukagwa zovuta, zinthu zimayima. Khasu limapachikidwa, pamsewu pamayalidwa masamba, wapanjinga amatsika n'kuyamba kukankha, ndipo palibe amene amafunsa kuti lamulo limeneli analemba ndani. Mpira wa ndalama suudziwa mwambo wotere. Uli ndi kalendala yake, matikiti ogulitsidwa kale, ndi makanema amene analipira kuti aonetse masewero pa ola lakutilakuti. Choncho timu ikaonekeredwa zovuta, mitembo isanafike n'komwe kwawo, akuluakulu amakhala atayamba kale kunong'onezana kuti, kodi Loweruka tisewera? Kwa zaka zoposa 75 funsoli layankhidwa mosiyanasiyana, ndipo kawirikawiri oliyankha sakhala anamfedwa.

Yankho loyamba, lomwenso mpaka lero ndi laulemu kuposa ambiri, linachokera ku Italy. Pa 4 Meyi 1949 ndege yonyamula timu ya Torino, ikuchokera ku Lisbon kumene inakasewera ndi Benfica, inawomba khoma la tchalitchi cha paphiri la Superga kunja kuli nkhungu. Anthu onse 31 anafera pomwepo, 18 mwa iwo osewera, kuphatikizapo kaputeni Valentino Mazzola. Imeneyi sinali timu wamba. Inali itatenga ligi kanayi motsatizana ndipo inali patsogolo kachisanu, kutatsala masewero anayi. Patangopita masiku awiri, matimu anzawo anapempha kuti chikho chiperekedwe kwa Torino, ndipo zinaterodi. Masewero anayi otsalawo sanafafanizidwe. Torino inalowetsa timu yake ya achinyamata, ndipo Genoa, Palermo, Sampdoria ndi Fiorentina nawo anasiya akatswiri awo panja n'kulowetsa achinyamata okhaokha. Mantha a ndege anakhalitsa m'dzikomo moti chaka chotsatira timu ya Italy inapita ku mpikisano wa World Cup ku Brazil pa sitima ya pamadzi.

Ku England zinthu zinayenda mothamanga. Pa 6 Febuluwale 1958 ndege ya Manchester United, ikuchokera ku Belgrade, inaima ku Munich kumwetsa mafuta. Inalephera kunyamuka kawiri, ndipo poyesa kachitatu, pamsewu wa ndege podzaza chipale chosungunuka, inapitirira n'kukawomba nyumba. Anthu 23 anataya miyoyo, 8 mwa iwo osewera. Mphunzitsi Matt Busby anatsala ali kayakaya m'chipatala. Wothandizira wake Jimmy Murphy anapulumuka chifukwa pa ulendowo sanapite nawo, anali ndi timu ya dziko la Wales. Iye ndiye anatolera anyamata a timu yachiwiri, n'kugula mwachangu Ernie Taylor ndi Stan Crowther, ndipo patangotha masiku 13 United inali m'bwalo la Old Trafford kusewera ndi Sheffield Wednesday mu FA Cup. M'kabuku ka masewero a tsikulo, malo olembapo mayina a osewera a United anangosiyidwa opanda kanthu, chifukwa osindikiza sankadziwa kuti asewera ndani. Goloboyi Harry Gregg ndi wotchinga kumbuyo Bill Foulkes, amene anatuluka amoyo m'ndege ija, anasewera. United inapambana 3-0. Patapita masiku awiri, Duncan Edwards, mnyamata wa zaka 21, anamwalira m'chipatala cha ku Munich.

Nkhani imeneyi imakambidwa ngati ya kulimba mtima, ndipo kunalidi kulimba mtima. Koma mu ligi timuyi inangopambana kamodzi kokha mpaka kutha kwa chaka, ndipo pamene bungwe la UEFA linaiyitana kuti isewere nawo European Cup ya chaka chotsatira ngati chipepeso, akuluakulu a mpira ku England anakana, ati malamulo salola.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mawu oti masewero apitirire anasanduka ngati chiphunzitso. Pa Olimpiki ya ku Munich mu 1972, anthu 11 a timu ya Israel ataphedwa ndi zigawenga, mpikisano unaima tsiku limodzi ndi maola ochepa, kenako Avery Brundage, mkulu wa komiti ya Olimpiki, analengeza kuti upitirira. Pa 29 Meyi 1985 ku Heysel, mu mzinda wa Brussels, ochemerera 39 anafa Juventus ndi Liverpool zisanayambe kusewera ndime yomaliza ya European Cup. Akuluakulu anati kuyimitsa masewerowo kukolezera chipolowe, ndiye mpira unaseweredwa usiku womwewo, Michel Platini n'kugoletsa penate.

Ife a chigawo chino nkhani imene inatikhudza pamtima ndi ya pa 27 Epulo 1993. Timu ya Zambia inali itangokwapula Mauritius 3-0, zigoli zonse za Kelvin Mutale, ndipo inali pa ulendo wa ku Dakar kukakumana ndi Senegal m'masewero odzigulira malo ku World Cup. Bungwe loyendetsa mpira ku Zambia la FAZ linalibe ndalama za ndege yabwino, choncho linabwereka ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo, yoyenda moima m'njira: Brazzaville, Libreville, kenako Abidjan. Itangonyamuka ku Libreville usiku, inagwera m'nyanja. Anthu onse 30 anathera momwemo. Osewera analipo 18, mayina amene ankamveka pawailesi mpaka kuno: Efford Chabala, Wisdom Chansa, Derby Makinka, Eston Mulenga, Samuel Chomba, Robert Watiyakeni, Timothy Mwitwa ndi anzawo. Anapita nawonso mphunzitsi Godfrey Chitalu, womuthandiza Alex Chola, ndi mtsogoleri wa FAZ Michael Mwape. Ena mwa anyamatawa anali m'timu ija imene inachititsa manyazi Italy 4-0 pa Olimpiki ya ku Seoul mu 1988. Amene ankawatchula mayina pawailesi mpaka mawu kusasa anali Dennis Liwewe, yemwe anabadwira kuno ku Malawi.

Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa ankasewera ku PSV Eindhoven ndipo amayenera kukapezana ndi anzake ku Dakar. Johnson Bwalya naye anali ku Ulaya, pamene Charles Musonda wa Anderlecht anali wovulala. Malemuwo anayikidwa pafupi ndi bwalo la Independence ku Lusaka, pamalo otchedwa Heroes' Acre.

Zambia ikanatha kutuluka mu mpikisano ndipo palibe akanaidzudzula. Inasankha kupitiriza, koma chofunika kuona ndi chakuti inapatsidwa nthawi. Masewero anasunthidwa. Dziko la Denmark linatenga timu yatsopano n'kukaisunga pa maphunziro, m'manja mwa mphunzitsi Roald Poulsen, ndipo pambuyo pake kunabwera Ian Porterfield wa ku Scotland kudzagwira ntchito ndi Freddie Mwila. Panadutsa masabata pafupifupi khumi, maliro atalirika, timuyi isanalowe m'bwalo pa mpikisano. Pa 4 Julayi Morocco inabwera ku Lusaka n'kuyamba kugoletsa. Kalusha anabweza ndi mpira woyikiza, Johnson Bwalya n'kumaliza, 2-1, manda aja ali chapafupi kunja kwa mpanda. Mu Okutobala ku Casablanca ankangofunika kulepherana ndi Morocco kuti apite ku World Cup ya ku America, koma anagonja 1-0, ndipo woyimbira masewerowo, Jean-Fidèle Diramba, anali wa ku Gabon. Anthu a ku Zambia nkhani ya bambo ameneyu samayiyamba ndi mawu ofatsa. Chaka chotsatira ku Tunis timu yomweyo inafika ndime yomaliza ya chikho cha Africa; Elijah Litana anagoletsa koyambirira, Emmanuel Amunike n'kubweza ziwiri, Nigeria n'kutenga chikho. Ndipo pa 12 Febuluwale 2012, mu mzinda womwewo wa Libreville, Stophira Sunzu anamwetsa penate yomaliza, Zambia n'kutenga chikho cha Africa pogonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate, Kalusha ali mtsogoleri wa FAZ.

Nkhani yokoma chonchi ili ndi vuto lake: imaphimba ina. Mpira unabwerera m'masabata khumi, koma lipoti la boma la Gabon lofotokoza chimene chinagwetsa ndege linatuluka mu 2003, patatha zaka khumi. Linati injini ya kumanzere inawonongeka, ndipo woyendetsa, yemwe anali wotopa, anathimitsa ya kumanja imene inali bwinobwino. Amayi amasiye ndi ana a malemuwo anachita kukasuma kukhoti kuti alandire chipepeso. Nthawi yonseyo mabwalo ankadzaza, nyimbo zinkaimbidwa, ndipo aliyense ankati tikusewerera anzathu amene anatisiya. Mawu amenewa ndi oona akatuluka m'kamwa mwa wosewera amene ankagona chipinda chimodzi ndi malemu. Akatuluka m'kamwa mwa mkulu amene anasayinira kuti timu ikwere ndege yokalamba, ine ndimawamva mwina.

Mu 2003 Cameroon inasewera ndime yomaliza ya Confederations Cup ndi France patangotha masiku atatu wosewera wake Marc-Vivien Foé atagwa n'kumwalira m'bwalo ku Lyon. Koma chimene chinaonetsa poyera kuti mwini chisankho ndani ndi nkhani ya Togo. Pa 8 Januwale 2010 basi ya timuyi, ikulowa m'chigawo cha Cabinda ku Angola pa ulendo wa ku chikho cha Africa, inathiridwa zipolopolo ndi zigawenga za gulu la FLEC. Anaphedwa wothandizira mphunzitsi Améleté Abalo, wofalitsa nkhani za timuyo Stanislas Ocloo, ndi dalaivala. Goloboyi Kodjovi Obilalé anavulala kwambiri moti mpira wake unathera pomwepo. Osewera, motsogozedwa ndi Emmanuel Adebayor, poyamba anafuna kubwerera, kenako anagwirizana zosewera polemekeza anzawo, koma boma lawo linatumiza ndege n'kuwalamula kuti abwere kudzakhuza maliro. Mpikisano unatsegulidwa pa tsiku lake, Angola ndi Mali n'kulepherana 4-4. Kenako bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF, pansi pa Issa Hayatou, linalengeza kuti Togo isasewere nawo mipikisano iwiri yotsatira ya chikho cha Africa, n'kuilipiritsanso chindapusa cha madola 50,000, ati chifukwa boma linalowerera nkhani za mpira. Anthu owomberedwa analangidwa chifukwa chopita kukayika anzawo m'manda. Chiletsocho chinachotsedwa mu Meyi chaka chomwecho Sepp Blatter wa FIFA atalowererapo, koma manyazi ake sanachoke.

Mzimu wa ku Torino unaonekanso ku South America. Pa 28 Novembala 2016 ndege ya kampani ya LaMia yonyamula Chapecoense, katimu ka ku Brazil kamene kanafika koyamba ndime yomaliza ya Copa Sudamericana, inatha mafuta n'kugwa pafupi ndi Medellín. Mwa anthu 77, anafa 71, osewera 19. Atlético Nacional, imene imayenera kusewera nayo, inapempha yokha kuti chikho chipite kwa Chapecoense, ndipo pa ola la masewero ochemerera ake anadzaza bwalo atavala zoyera, mpira kulibe. Ku Brazil kunali kutatsala masewero amodzi a ligi, ndi Atlético Mineiro. Matimu onse awiri anakana kubwera, ndipo m'mabuku analembedwa kuti onse agonja 3-0. Matimu ena anati Chapecoense itetezedwe kuti isatsike ligi kwa zaka zitatu; eni ake anakana, anabwereka osewera, ndipo mu 2017 anamaliza pa nambala 8. Apa kusewera ndi kusasewera komwe anasankha ndi anamfedwa.

Chimene chasintha posachedwapa n'chakuti osewera ayamba kulankhula. Pa 11 Epulo 2017 mabomba atatu anaphulikira basi ya Borussia Dortmund, Marc Bartra n'kuvulala. UEFA inasuntha masewero awo ndi Monaco kuti achitike mawa lake, maola 24 asanakwane. Dortmund inagonja 3-2, ndipo mphunzitsi Thomas Tuchel anadandaula poyera kuti iwo anangouzidwa pa uthenga wa pafoni, osafunsidwa maganizo. Pa 12 Juni 2021 mtima wa Christian Eriksen wa timu ya Denmark unaima ali m'bwalo ku Copenhagen. Anzake anauzidwa kuti asankhe: kupitiriza madzulo omwewo kapena mawa lake masana. Anapitiriza, Finland inapambana 1-0, ndipo mphunzitsi Kasper Hjulmand pambuyo pake anati sikunali koyenera kuwapatsa anyamatawo chisankho chotere. Kusankha pakati pa lero ndi mawa, munthu utangoona mnzako akupopedwa pachifuwa, ndi kukakamizidwa kovala jekete. Ku America mu Januwale 2023, Damar Hamlin wa Buffalo Bills atagwa chimodzimodzi ku Cincinnati, matimu onse awiri anatuluka m'bwalo ndipo ligi ya NFL, ndi ndalama zake zonse zija, inangofafaniza masewerowo osawabwerezanso. Ligi inatha bwinobwino, chikho chinaperekedwa.

Komabe kalendala sinafewe. Diogo Jota wa Liverpool ndi mng'ono wake André Silva anafa pa ngozi ya galimoto ku Spain pa 3 Julayi 2025, mpikisano wa Club World Cup uli mkati ku America. Tsiku lotsatira Rúben Neves, mnzake wa ponda apa n'pondepo, anaima pakati pa bwalo ku Orlando misozi ikutsika pa mphindi yokhala chete, kenako anasewerera Al Hilal ndi Fluminense. Atagonja 2-1 anakwera ndege usiku womwewo, ndipo kutacha anali ku Gondomar, ku Portugal, atanyamula nawo bokosi la Jota.